Utsi wa Nthula

1. Chipewa cha a Lyton

Tsiku limenelo mphepo inadzuka anthu asanadzuke, ndipo inakana kukhala pansi. Inali mphepo ya mwezi wa Ogasiti, youma ndi yafumbi. Inkasolola udzu pamadenga, kugubuduza malichero ndi kuthamangitsa makoko a chimanga kuchokera pabwalo mpaka kudambo. Ngakhale agalu ankangosinthasintha pogona.

M'mudzi wina wa pakati pa Nsaru ndi Namitete, mnyamata wina dzina lake Jailosi anali atagwada kuseri kwa nyumba, akukoleza makala. Iyeyu analekeza sukulu mu Sitandade 6, chaka chimene bambo ake anamwalira. Kuyambira pamenepo ankathandiza atsibweni ake, a Zakeyo, mlongo wa amayi ake, amene anali mwini mbumba.

A Zakeyo anali odziwika mpaka ku Kabudula chifukwa cha ntchito imodzi, yochotsa mphutsi m'mano. Masiku amenewo anthu ambiri ankakhulupirira kuti dzino likamawawa ndiye kuti m'kati muli kamphutsi kamene kakulifukula. Tsono a Zakeyo ankatentha kaphale pamakala, n'kukasanjika pamwala pakati pa mbale ya madzi. Pakaphalepo ankathira njere za nthula zosakaniza ndi mafuta a nsatsi. Pamwamba ankavindikira chikho chobooka, ndipo pachibowo ankalowetsa bango. Wodwala ankaloza bangolo padzino, utsi n'kumalowa. Akavundukula chikho, m'madzi munkapezeka timphutsi toyera, topindikapindika.

"Uziyang'anitsitsa, mphwanga," ankatero a Zakeyo. "Ine ndikadzapita, ntchito iyi ndi yako."

M'mawa umenewo odwala anali awiri. Woyamba anali a Lyton, oyendetsa ngolo, amene anafika atamanga nsagwada ndi kansalu. Wachiwiri anali Zelifa, mlongo wake wa Jailosi, wa zaka zisanu ndi zinayi. Iye anali gone m'nyumba ya amayi ake, tsaya litatupa. Anali atafukizidwa kale kawiri, timphutsi tinatuluka, koma tsayalo linkangokulirakulira.

"Mwabweranso, a Lyton?" anatero a Zakeyo. "Kodi m'kamwa mwanumo muli dzala, kuti mphutsi zizingoswana?"

"Musaseke, akulu. Ndachezera kuzungulira nyumba ngati mfiti."

"Mzimbe munaleka?"

"Ndinaleka dzulo."

"Nanga uwo ukusuzumira m'thumbawo?"

"Uwu ndi wa ng'ombe."

Jailosi anapana kaphale kotentha ndi timitengo tiwiri, nakaika pamwala. Anathira njere, navindikira chikho. M'kati munayamba kuthetheka. A Lyton anamasula kansalu kaja, nawerama. Koma asanagwire n'komwe bango, mphepo inabwera ndi mphamvu n'kunyamula chipewa chawo.

"Chipewa changa! Cha ndalama za fodya wa chaka chino!" anakuwa a Lyton, liwiro lili m'kati.

A Zakeyo anaimirira, akuseka mpaka kutsokomola. "Kumanzere, a Lyton! Chalowa m'khola! Kodi dzino lija lapola, eti?"

Mphepo yomweyo inapendeketsa chikho. Jailosi anachigwira msanga, ndipo pochibweza maso ake anagwera m'madzi. Timphutsi tinali momwemo, tambiri, toyera, topindikapindika. Komatu bango linali lisanalowe m'kamwa mwa munthu.

Jailosi anavindikira msanga. A Lyton anabwera akupuma wefuwefu, chipewa atachipana m'khwapa. Analoza bango padzino, nakoka utsi, misozi ili chuchuchu. Kenaka a Zakeyo anavundukula chikho.

"Onani adani anu, a Lyton. Onse atuluka."

"Ha! Ndiye chifukwa chake sindimagona!" anatero a Lyton. Anathokoza kwambiri, napita akulavula.

2. Mawu a atsibweni

Mlendo atapita, Jailosi sanataye madzi monga ankachitira masiku onse. Anavuula kamphutsi kamodzi, nakaika pachikhatho. Sikankayenda. Anatola njere imodzi yophulika pakaphale, naifinya ndi chikhadabo. M'katimo munatuluka kaulusi koyera, kofanana ndendende ndi ka pachikhatho kaja.

"Atsibweni," anatero, "mphutsizi zinagwa a Lyton akuthamangitsa chipewa. Bango anali asanaligwire."

"Anali atayasamula kale pamenepo," anayankha a Zakeyo osatembenuka. "Mphutsi ikamva fungo la nthula siidikira."

"Koma onani, zikuchokera m'njeremu. Si za m'dzino ayi. N'chifukwa chake Zelifa sakuchira. Bwanji tipite naye kuchipatala cha ku mishoni?"

A Zakeyo sanayang'ane chikhathocho. Anakhala pampando wawo wa ndalema, naloza pansi. Jailosi ananjuta.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ine sindine wakuba. Ntchito iyi anandiphunzitsa atsibweni anga, iwonso anaphunzira kwa atsibweni awo, mishoni yakoyo isanamangidwe ndi njerwa imodzi yomwe. Anthu abwera pano akulira ngati ana, n'kuchoka akuseka. Kodi onsewo ndi zitsiru, wanzeru ndiwe wekha? Anyamata a masiku ano mukangodziwa kulemba dzina lanu mumati tsobola wakale sawawa. Wawawa anthu ambiri tsobola ameneyo. Malaya uli nawo pathupipo anagula ndi utsi umenewu. Sukulu imene ikukupatsa mwanoyo analipira ndi utsi umenewu. Kuchipatala dzino salichiza, amalizula. Munthu amapita ndi mano ake onse, n'kubwerako ndi gweru, ndipo ena magazi saleka. Zelifa ndi mbumba yanga. Akafa, amene adzafunsidwe ndine, osati iwe. Tsono ndikukuuza kamodzi kokha. Mawu wanenawa asatuluke pabwalo pano. Ukakawanena kwa anthu, kapena ukamutenga mwanayo popanda ine, udziwe kuti wadzichotsa wekha pakhomo pano. Ndatha."

A Zakeyo anayang'ana fumbi likuzungulira pabwalo.

"Nthulazi zauma kwambiri, n'chifukwa chake sizikugwira," anatero mofatsa. "Ndikupita kudambo kukathyola zatsopano. Makala asazime. Ndikabwera timufukizanso."

Anatenga kathumba kawo, natsikira kudambo wapansi.

Jailosi anathira makala ena. Anaimirira. Anakhalanso pansi. Anapita mpaka pankhokwe, nabwerera. Kenaka analunjika kunyumba ya amayi ake.

3. Nsalu ya amayi

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo lolemera. Amayi ake, a Tisiyenji, anali atakhala pamphasa, mutu wa Zelifa uli pamiyendo pawo. Pambali panali kambale ka phala limene linali litazizira.

Jailosi anagwada, nayang'anitsitsa. Dzulo lake tsaya lokha ndilo linali lotupa. Tsopano diso lakumanja linali litatsekeka, ndipo kutupa kunali kutatsikira pansi pa chibwano. Thupi linkatentha ngati mwala wa padzuwa.

"Zelifa, tayasamula ndione."

Mwanayo anayesa, koma pakamwa panangotseguka pang'ono, posakwana ndi chala chomwe.

"Wadya?"

"Ngakhale madzi akumukanika kumeza," anatero amayi.

Jailosi anawafotokozera za chipewa, za chikho ndi za njere. A Tisiyenji anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Mwana wanga, zimene waonazo mwina n'zoona, mwina ayi. Ine sindinapite kusukulu. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo ako atamwalira, abale awo anabwera n'kutenga mbuzi, makasu ndi chitseko chomwe. Amene anatiimira ndi achimwene. Munda tikulimawu ndi iwo. Denga ili anafolera ndi iwo. Iwe ndiwe mwamuna, mawa udzakwatira n'kupita kwa eni ake, koma ine ndi Zelifa tidzatsala pano. Ukawachititsa manyazi pamaso pa anthu, tidzalowera kuti? Munthu sutema nthambi imene wakhalira. Dikira abwere, tiwapemphe bwinobwino. Mwina mawa adzalola."

"Mawa, amayi? Tamuyang'anani pakhosipo."

Amayi sanayang'ane. Anali ataona kale.

Jailosi anatuluka. Pakhonde la a Zakeyo panali njinga yawo yakuda, imene munthu wina aliyense sankaloledwa kuigwira, kupatula poipukuta. Anaima pafupi nayo kanthawi, mphepo ikukupiza malaya ake. Anasuzumira njira ya kudambo. Kunalibe munthu. Anaigwira njingayo, naikankha mpaka pakhomo pa amayi ake.

"Jailosi! Wapenga kodi? Bweza njingayo!"

Iye analowa, nanyamula Zelifa. Mwanayo anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi.

"Ndakuletsa ine! Wandimva? Ndakuletsa!"

"Ndamva, amayi."

Anamukhazika pakaliyala, koma mwanayo analibe mphamvu zogwira, ankangopendama. A Tisiyenji anaima pakhomo, manja ali kumutu. Kenaka anamasula nsalu yawo yapamwamba.

"Ugwetsa mwana, chitsiru iwe. Werama."

Anamubereketsa Zelifa kumsana kwa mlongo wake, namanga mfundo ziwiri pachifuwa.

"Um'funditse kumutu. Fumbili lisalowe m'diso linalo." Anapukuta m'maso ndi dzanja. "Akandifunsa, ndidzati ndinali kuchitsime."

4. Ntchito ya a Timothy

Njira yonse mphepo inkachokera kutsogolo. Pena Jailosi ankapalasa ataimirira, pena ankatsika n'kumakankha mumchenga. Kamvuluvulu anadutsa m'munda wa fodya wozulidwa, nawamwaza zinyalala kumaso. Amayi ena ochokera kuchigayo anaima n'kumaseka.

"Taonani mnyamata wabereka! Akazi ako athawa, eti?"

Jailosi anapitiriza kupalasa. Ankangomvetsera mpweya wotentha wa Zelifa pakhosi pake. Ukachedwa kubwera, ankamugwedeza ndi phewa.

Anafika kuchipatala cha mishoni, kufupi ndi Namitete, dzuwa litapendeka. Namwino atangovundukula nsalu, sanawaimike pamzere. Anawalowetsa m'kachipinda ka kumapeto, kumene kunkagwira ntchito a Timothy, mthandizi wa dokotala amene ankaona za mano. Anali munthu wamfupi, wa imvi za m'mbali, wosachedwa ndi malonje.

A Timothy anagwira tsaya, nagwira pansi pa chibwano, nanunkhiza.

"Nthula," anatero. "Kangati?"

"Kawiri."

"Anamufukiza ndani?"

Jailosi anayang'ana pansi. "Atsibweni. Makala ndinakoleza ndine."

"Chabwino. Namwino ali ndi odwala ena. Samba m'manja ndi sopo uyo, ugwire mutuwu. Ukaona kuti ukuchita chizungulire unene, usandigwere."

Anayamba ndi jakisoni. Kenaka analowetsa kachitsulo kopyapyala pakati pa mano, natsegula pang'onopang'ono, nacheka nkhama pamene panatupa. Mafinya anatuluka ambiri, onunkha. Zelifa anakuwa, naponda mwendo wa a Timothy. Jailosi anagwira mutu ndi dzanja limodzi, lina akulandira ndi mbale, uku akumunong'oneza mlongo wake. Sanatembenuze nkhope.

Atatha, anam'goneka Zelifa pabedi la m'chipinda choyandikana. Posakhalitsa anameza madzi pang'ono, nagona tulo.

"Mukanafika mawa, kutupaku kukanatseka njira ya mpweya," anatero a Timothy akusamba. "Koma sanachire. Dzino lovundalo likadali momwemo, ndipo sindingalizule kutupa kusanatsike. Agone kuno masiku angapo, azilandira jakisoni m'mawa ndi madzulo. Akadukiza, matendawa abwerera ndi ukali woposa."

"Tsono mphutsi mulibe, adokotala?"

"Bwera uone."

Pampando panali patakhala kale mayi wina wodandaula kuti nkhama zimatuluka magazi. A Timothy anamuyasamulitsa, natenga kagalasi ndi kachitsulo kokhota kumapeto. Anayamba kupala m'munsi mwa mano. Tizidutswa tachikasu, tolimba ngati nkhoko za m'mphika, tinkagwera pansalu.

"Mdani ndi uyu," anatero, dzanja likugwirabe ntchito. "Tamvera bwino, mnyamata, pakuti izi anthu safuna kuzimva. Chakudya chikatsalira m'mano chimawola, ndipo chikawola chimadya dzino pang'onopang'ono, monga chiswe chidyera nsanamira. Munthu samva kanthu mpaka dzenje litafika pamtsempha. Makolo athu ankatafuna kamtengo mpaka kakhale ngati mswachi, n'kumatsuka ndi phulusa kapena mchere. Ankachita bwino. Lero fodya wabweretsa masitolo, masitolo abweretsa shuga ndi masiwiti, ndipo kamtengo kaja taleka. Mwana amagona shuga ali m'kamwa. Utsi wa nthula umaziziritsa ululu tsiku limodzi kapena awiri, n'chifukwa chake anthu amauthokoza. Koma dzino limapitiriza kuwola, ndipo munthu amafika kuno mochedwa. Ine anthu amanditcha wozula. Sindikondwa nalo dzinalo. Dzino lililonse limene ndazula likanatha kukhala, wina akanalitsuka nthawi ikadalipo. Ntchito yaikulu si kuzula ayi. Ntchito yaikulu ndi iyi ukuionayi, kupala, kutsuka, ndi kuyenda m'masukulu kuphunzitsa ana. Koma ndili ndekha, ndipo mzere uli panjawo wauona."

Mayi uja anachukucha madzi amchere, nalavula, nayendetsa lilime m'mano.

"Ii! Ngati si anga!" anatero.

Jailosi anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Sukulu unalekeza pati?" anafunsa a Timothy.

"Sitandade 6."

"Adokotala aakulu akhala akundiuza kuti ndipeze mnyamata woti ndimuphunzitse ntchito yotsuka mano. Awiri anayesa. Wina anakomoka, wina ankagwira m'kamwa mwa anthu ngati akugwira chule. Iwe m'kamwa sumuopa, ndipo wodwala umadziwa kumuyankhula. Zimenezo anakuphunzitsa ndi atsibweni ako, usadzawanyoze. Koma ntchitoyi si yapafupi. Udzayamba ndi kuwiritsa zitsulo ndi kutaya mbale za malovu, mwina chaka chathunthu. Anzako adzakuseka. Ndipo sindingakulembe popanda mawu a mwini mbumba."

Jailosi anatsegula pakamwa, koma asanayankhe, panja panamveka kulira kwa galimoto.

5. Pakhomo

Inali lole ya fodya yochokera ku Nsaru. Inaima pamsewu, fumbi lake n'kupitirira lokha. Pamwamba pa mabelo panatsika munthu mmodzi, mutu ndi nsidze zili mbuu. Jailosi anawazindikira pawindo asanafike n'komwe pachipata.

A Zakeyo sanathamange. Anayenda bwinobwino mpaka pabwalo la chipatala, naima pakati pa anthu odikira. Mawu awo anamveka m'zipinda zonse.

"Zikomo eni ake! Ine ndine Zakeyo. Ndabwera kudzatenga mwana wanga amene wabedwa pakhomo panga. Munditulutsire, ndizipita kusanade."

Anthu a pamzere anatembenuka. Ena anali odwala awo akale, ndipo anayamba kunong'onezana.

A Timothy anaika pansi kachitsulo kaja.

"Ndiwo amenewo?"

"Ndiwo."

"Ndikhoza kuwafotokozera, koma ine sandimvera, ndine wozula. Ndipo mwini mbumba akati mwana atuluke, pano sitimanga munthu ndi chingwe. Amene angawaimitse ndi wa m'banja."

"Akamutenga?"

"Ndakuuza kale."

Jailosi analowa m'chipinda choyandikana. Zelifa anali m'tulo, kukamwa kuli yasa pang'ono, mpweya ukulowa ndi kutuluka popanda phokoso. Chipindacho chinali ndi khomo limodzi lokha, lotulukira pakhonde.

"Jailosi!" anaitana a Zakeyo panja. "Ndikudziwa uli momwemo. Unandimva m'mawa. Tulutsa mwanayo, za njinga tikakamba kwathu. Ukapanda kutero, usadzapondenso pabwalo panga."

Mphepo inamenyetsa zenera kawiri. Namwino anaima pakona atanyamula mabulangete, osadziwa kolowera.

Jailosi anatuluka pakhonde, nakoka chitseko kumbuyo kwake mpaka chinatsekeka. Anaomba m'manja mwaulemu, monga ayenera kuchitira mwana pamaso pa atsibweni ake. Kenaka anakhala pansi pakhomo penipeni, natsamiritsa msana wake pachitsekocho.